Makamera akale a malemu bambo: ndigulitse, ndisunge, kapena ndigule ena owonjezera?

"Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Mulanje. Bambo anga anatisiya chaka chatha. Pa unyamata wawo ankajambula anthu m'maukwati ndi m'masukulu, akuyenda pa njinga. Posanthula katundu wawo tapeza makamera atatu m'sutikesi: ina yalembedwa Pentax K1000, ina ya maso awiri yalembedwa Yashica Mat-124G, ndi kena kakang'ono ka Kodak Instamatic. Munalinso maenvulopu ambiri a manegetivi, amene mayi akunyumba akuti tingotaya poti ena akununkha. Mnyamata wina wa m'tauni akufuna kugula zonse pamodzi ndipo akundiumiriza. Ndamvanso kuti makamera akale amagulidwa mamiliyoni kunja, moti ndikuganiza zotenga ngongole ku banki m'khonde kuti ndizigula ena n'kumasunga. Pa Facebook wina akugulitsa Leica yagolide. Kodi imeneyi ndi bizinesi yeniyeni? Nanga makamera a bambowa ndiwasamale bwanji?"

Aphunzitsi, pepani ndi imfa ya bambo. Ine ndakhala ndikutsegula ndi kukonza makamera a filimu kwa zaka zoposa 30, ndipo ambiri amene anafika patebulo panga anabwera monga abwerera anuwa, kuchokera m'sutikesi ya malemu, atakulungidwa m'chitenje kapena m'juzi lakale. Ndiye mtima m'malo, palibe chimene chikuthawa. Makamera amene akhala phee zaka zonsezi angathe kudikiranso mwezi umodzi. Mnyamata wa m'tauniyo muuzeni kuti banja likukambirana. Munthu akamakakamira kugula zonse pamodzi lero lomwe, kawirikawiri amakhala ataona chinthu chimodzi m'katundumo chimene mwiniwake sanachidziwe mtengo.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si makamera ayi, ndi maenvulopu aja. Chonde musataye, ndipo mukawapemphe mayi kunyumba lero lomwe kuti asawayandikitse kudzala. Pentax K1000 anaipanga yoposa 3 miliyoni, moti ikatayika mukhoza kupeza ina. Koma negetivi ya ukwati umene bambo anajambula, tinene pa Chitakale kapena pa Muloza zaka 40 zapitazo, ndi imodzi yokha padziko lonse, ndipo mwina banja limenelo chithunzi chawo chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali wojambula wotchedwa Malick Sidibé amene ankagwira ntchito yofanana ndi ya bambo anu, kujambula achinyamata kumagule ndi anthu obwera ku situdiyo atatchena. Mu 2007 analandira mphoto yapamwamba ya zaluso yotchedwa Golden Lion ku Venice, m'dziko la Italy. Chimene chinamufikitsa kumeneko ndi manegetivi amene anawasunga mwadongosolo kwa zaka zambiri. Sindikukulonjezani kuti a bambo akafika ku Venice, koma pa zonse zili m'sutikesimo, chosabwezereka ndi chimenecho.

Fungo lija lili ndi tanthauzo. Ngati likumveka lowawasa ngati viniga, ndiye kuti pulasitiki ya filimuyo yayamba kuwola, ndipo mpweya umene imatulutsa umafulumizitsa kuwola kwa manegetivi ena oyandikana nawo. Patulani onunkhawo, muwaike paokha, ndipo ayambe ndi amenewo kukopedwa. Ngati likumveka ngati la chovala chimene chinasungidwa chisanaume, chimenecho ndi chuku. Apa pali msampha: musawatsuke ndi madzi. Chuku chikadya mbali imene pamakhala chithunzi, madzi amangochotseratu chithunzi chonse n'kukusiyirani pulasitiki yoyera. Agwireni m'mphepete mokha, manja atauma, chotsani malabala ndi mapini a dzimbiri, ndipo pakati pa mzere ndi mzere muziika pepala loyera. Kukopa mukhoza kuyamba ndi foni yanu yomweyo: ikani negetivi patsogolo pa kuwala koyera kofanana ponseponse, ijambuleni, kenaka mutembenuze mitundu yake ndi pulogalamu ya pafoni. Zikatuluka nkhope, pitani nazo kwa azakhali ndi amalume akadali moyo, akuuzeni mayina, malo ndi zaka, inu muzilemba pa envulopu ndi pensulo. Mukaona kuti pali zithunzi za zochitika zikuluzikulu, kafunseni malangizo ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre.

Tsopano makamera. Musanatsegule chitseko chakumbuyo cha iliyonse, yambani mwadziwa ngati mulibe filimu m'kati. Pa Pentax, tembenuzani pang'onopang'ono kachogwirira kobwezera filimu kali kumanzere pamwamba, motsata muvi. Kakamazungulira mopepuka osalimba, mulibe kanthu. Kakayamba kulimba, muli filimu, ndipo muyenera kudina kabatani kali pansi pa kamera, n'kuibweza yonse m'kachitini kake musanatsegule. Filimu ya zaka 30 ikhoza kutulutsabe zithunzi, makamaka ikakhala yakuda ndi yoyera. Ndinaonapo mayi wina akulira m'shopu mwanga ataona zithunzi zomaliza zimene amuna awo anajambula, zitakhala m'kamera zaka zambirimbiri. Ndinaonanso ambiri amene anazipha m'kamphindi kamodzi pongotsegula chitseko padzuwa kuti aone m'kati.

Pentax K1000 ndi kamera imene ndimaikonda ndi mtima wonse. Inayamba kupangidwa mu 1976 n'kulekeka mu 1997, ndipo kunja ophunzira kujambula ambiri anayambira pa imeneyi. Ubwino wake ndi woti zonse m'kati zimayenda ndi masipuling'i ndi timagiya. Batire lake, kaja kakang'ono kooneka ngati batani kotchedwa LR44, ntchito yake ndi kuyendetsa kasingano koyeza kuwala basi. Batire litafa, kamera imajambulabe. Yang'anani pachipumi pake: ngati pali dzina loti Asahi pamwamba pa Pentax, ndi ya m'gulu loyambirira, lachitsulo pamwamba ndi pansi, ndipo osonkhanitsa amaikonda kuposa zomalizira zimene ankalumikiza ku China ndi zivundikiro za pulasitiki. Kuiyesa n'kosavuta. Tsegulani kumbuyo, chotsani lenzi, lozetsani kamera kukhoma lowala, ndipo muzikoka chokokera filimu n'kudina pa liwiro lililonse kuyambira pa 1 mpaka pa 1000. Pa 1 tcherani khutu: kachitseko ka m'kati, kamene timati shutter, kayenera kutseguka, kulira "zzz" kwa sekondi imodzi, n'kutseka kokha. Kakamazengereza kapena kuima panjira, mafuta akale auma. Pa 1000 muyenera kuona kuwala kukung'anima pawindo lonse, osati theka. Kenaka gwirani ndi chala m'mingalande ya chitseko. Mukapeza zakuda zomata ngati phula, ndi siponji yotchinga kuwala imene yasungunuka ndi ukalamba. Limeneli ndi vuto la pafupifupi kamera iliyonse ya ku Japan ya zaka zimenezo, ndipo ndi lotchipa kukonza.

Yashica ya maso awiriyo ndiyo ndikuganiza kuti yakopa mnyamata uja. Diso lapamwamba ndi loonera, lapansi ndi lojambulira, ndipo wojambula amaigwira pamimba n'kumayang'ana pansi m'kagalasi. Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi Rolleiflex ya ku Germany kuyambira 1929, ndipo a Yashica anapanga yakeyi pakati pa 1970 ndi 1986 kuti anthu opeza pang'ono akwanitse. Imadya filimu yaikulu yotchedwa 120, imene ikupangidwabe, ndipo mpukutu umodzi umapereka zithunzi 12 zokha, chilichonse masentimita 6 mbali zonse. Negetivi yaikulu chotere imatulutsa nkhope yosalala modabwitsa. Pa makamera atatuwa, imeneyi ndiyo ili ndi mtengo wokwererapo ikakhala yamoyo. Zinthu zitatu muzisamale. M'kati mukapeza kachitsulo kapena kapulasitiki kokulungira filimu kopanda kanthu, musakataye, chifukwa filimu yatsopano imakulungidwira pomwepo. Chachiwiri, pambali pa lenzi pali kachosinthira kolembedwa M ndi X. Kasiyeni pa X nthawi zonse, chifukwa mukatchera kanthawi kodzijambula nokha kali pa M, shutter imakanirira ndipo kuikonza kwake n'kutsegula kutsogolo konse. Chachitatu, choyeza kuwala chake chinapangidwira mabatire a mercury a mavoti 1.35 amene analetsedwa. Mukaikamo la masiku ano la 1.5, singano imanama. Ena amagwiritsa ntchito mabatire a zida zothandiza kumva, koma ine ndimangoyeza kuwala ndi foni kapena ndi maso.

Ka Instamatic musataye nako nthawi. Kuyambira 1963 a Kodak anapanga timakamera timeneti mamiliyoni makumimakumi, ndipo filimu yake ya nambala 126 mafakitale aakulu anasiya kupanga. Mtengo wake kunja ndi wa chakudya chamasana. Kapukuteni, kakhale pashelefu pafupi ndi chithunzi cha bambo, adzukulu azikagwira momasuka.

Mdani wamkulu wa katundu wanuyu muli naye pakhomo pomwepo. Mulanje ndi kwa mvula, ndiye kuwonjezera chiperoni, chinyezi sichichoka m'nyumba. Chuku chimakonda zinthu zitatu: chinyezi, mdima ndi mpweya wosayenda, ndipo sutikesi ya pansi pa bedi ili nazo zonse. Tengani tochi, tsegulani lenzi pabowo lalikulu, muunike kuchokera kumbuyo inu mukuyang'ana chapambali. Tifumbi tochepa tisakuopseni, sitioneka pachithunzi. Koma mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, toyambira m'mphepete kulowera pakati, chimenecho ndi chuku. Chikakhala chatsopano chimapukutika mmisiri akatsegula lenzi. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi n'kusiya chipsera chosachoka, ndipo pamenepo mtengo wa lenzi wagwa basi. Choncho chotsani makamera m'zikwama zawo zachikopa, chifukwa chikopa chimamwa chinyezi n'kumachisunga. Zikwamazo musunge padera, zilinso ndi mtengo wake. Chotsani mabatire onse. Pezani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo makamera pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'makatoni a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala. Timapaketito tikamwa chinyezi timakhuta, ndiye muzitiumitsa pamoto wochepa kwambiri kapena padzuwa lamphamvu kamodzikamodzi. Mpunga, umene anthu amalimbikitsana, suthandiza kwenikweni, umangobweretsa fumbi ndi anankafumbwe. Ndipo kamodzi pamwezi muziwatulutsa, muzidina shutter kangapo pa liwiro lililonse, muzizungulitsa lenzi. Makina amenewa amafa ndi kukhala, monga imachitira njinga yoimikidwa chaka chonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimapempha aliyense mogwada: musathire mafuta. Osati a makina osokera, osati opopera ochotsa dzimbiri, osati ophikira. Bambo wina anandibweretsera Minolta yabwino kwambiri imene inangokhala ndi vuto laling'ono la kuuma, koma mnzake wokonza mawotchi anali ataipopera mafuta kudzera pansi. Mafutawo anayenda mpaka pansalu ya shutter ndi pagalasi loonera, ndipo ntchito ya ola limodzi inasanduka ya sabata, kamera osabwereranso mwakale. Shutter imafuna kadontho kochepa ngati nsonga ya singano, pamalo ake enieni, ndipo mbali zina siziyenera kukhudzidwa ndi mafuta n'komwe. Momwemonso chinthu chikakanirira musachikakamize. Galasi la lenzi musalipukute ndi malaya kapena tishu. Yambani mwauzira fumbi ndi kampira kopopera mpweya, kenaka kansalu kofewa kopukutira magalasi a maso. Kagalasi ka m'kati mwa Pentax kamene kamadumpha mukadina, musakakhudze ndi chala.

Tibwere ku nkhani ya ndalama, ndipo pano ndiyankhula mosapsatira. Za mamiliyoni munamvazo n'zoona. Mu June 2022, pa okushoni ku Wetzlar m'dziko la Germany, kamera ina ya Leica inagulidwa mayuro 14.4 miliyoni. Koma taonani kuti inali kamera yanji. Inapangidwa mu 1923, ili m'gulu la makamera oyeserera ongopitirira pang'ono 20 amene anapangidwa Leica isanayambe kugulitsidwa mu 1925, ndipo inali ya Oskar Barnack mwiniwake, munthu amene anayambitsa kamera imeneyi. Ogula analipira kusowa kwake ndi mbiri yake. Ukale pawokha sulipiridwa. Kodak Brownie inayamba mu 1900, ikugulitsidwa dola imodzi, ndipo lero ma Brownie ambiri a zaka pafupifupi 100 amagulidwa motchipa chifukwa alipo ochuluka m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America. Pentax ngati yanuyo, ili bwinobwino ndi lenzi yake, kunja imayenda pakati pa madola 100 ndi 250. Ndi ndalama ndithu, koma si munda kapena nyumba.

Ndikumvetsa chimene chikukukokani. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense amene anali ndi ndalama m'buku anaona ikusungunuka. Ndiye munthu amaganiza kuti bola kusunga chinthu chimene mtengo wake umawerengedwa m'madola. Maganizowo si olakwika, koma kamera ili ndi mavuto amene thumba la simenti kapena mbuzi zilibe. Wogula wa mtengo wabwino ali kutali. Kuti kamera imufike, mulipira kutumiza, mulipira gawo la msika wa pa intaneti, mudikira ndalama zidutse m'njira zake, ndipo iye akanena kuti yafika yosagwira, katundu amabwerera pa ndalama zanu. Ogula akunja amakayikiranso wogulitsa watsopano wopanda mbiri, makamaka wochokera dziko lotentha ndi lachinyezi, chifukwa amadziwa za chuku. Kuno kwathu ogula alipo koma ndi ochepa, moti tsiku limene mwana wadwala kapena fizi yafunika, mudzagulitsa pamtengo wa wogula, osati wanu. Onjezani kukonzetsa, kumene nthawi zambiri kumafanana ndi mtengo wa kamera yeniyeniyo. Pamene ngongole ya banki m'khonde chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, kamera ikakwera mtengo imakwera pa zaka. Masamu ake sagwirizana, aphunzitsi, ndipo inu masamu mumawadziwa kuposa ine. Ngongoleyo musatenge.

Mitengo imeneyi imayendanso ndi fasho. Contax T2, kakamera ka m'thumba ka mu 1990, kanali ka mtengo wapakati mpaka mu 2017 pamene Kendall Jenner, mtsikana wotchuka pa zoonetsa mafasho, anaoneka nako pa wailesi ya kanema ku America. Achinyamata anakathamangira ndipo mtengo unakwera kangapo. Amene anali nako kale anapindula. Koma m'kati mwake ndi zamagetsi zokhazokha, ndipo fakitale sipanganso zipangizo zake. Tsiku limene kawaya kamodzi kaduka, ndalama zonse zija zasanduka chopsinjira mapepala. Ndi chifukwa chake ine, pa ndalama zanga, ndimasankha makamera oyenda ndi masipuling'i, amene mmisiri angathe kuwasulira kachitsulo katsopano ngakhale zaka 50 zikubwerazo.

Leica yagolide ya pa Facebook ija ithaweni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'nthawi ya Soviet Union, mafakitale a ku Kharkiv ndi ku Krasnogorsk anapanga makamera ochuluka zedi otchedwa FED ndi Zorki, otengera maonekedwe a Leica zakale. Pambuyo pake anthu ochenjera anayamba kuwapala utoto mpaka mkuwa wachikasu uonekere, n'kuzokotapo dzina la Leica, nthawi zina ndi zizindikiro za asilikali a Germany kapena za masewera a Olympics a mu 1936, kuti aoneke a mbiri. Leica zenizeni zokutidwa golide za zaka zoyambirirazo zinapangidwa zosakwana 100, ndipo sizigulitsidwa pa Facebook ndi munthu wofuna ndalama ya pafoni musanaone katundu. Mukafuna kudzitsimikizira, pemphani wogulitsayo achotse lenzi ajambule m'kamwa mwa kamera chakumwamba. Leica yeniyeni ili ndi kagudumu kozungulira pamenepo, pamene FED ndi Zorki zili ndi kachitsulo kosongoka kosazungulira. Zorki payokha ndi kamera yabwino ndithu, ndipo ikagulitsidwa m'dzina lake pamtengo wake ine ndimagula. Choipa ndi bodza alivekalo.

Ngati pali mbali ya malonda amenewa imene ndaiona ikubweza ndalama kuno kwathu, ndi malenzi. Makamera a digito a masiku ano opanda kagalasi kodumpha amalandira malenzi akale kudzera pa kamphete kolumikizira kotchipa, ndipo anyamata ojambula mavidiyo a maukwati ndi a nyimbo amawafuna chifukwa cha mmene amafewetsera kumbuyo kwa munthu. Helios-44 ya mamilimita 58, imene imabwera pa makamera a Zenit, Takumar ya pa Pentax Spotmatic, ndi malenzi a Nikkor a pa Nikon, onsewa amapeza ogula msanga kuposa makamera ake. Kangapo ndagulapo Zenit yakufa pa kaunjika chifukwa cha lenzi yokha. N'kutheka kuti mnyamata wanu uja akufunanso lenzi ya pa Pentax. Takumar zina zakale galasi lake limasanduka lachikasu. Musazitaye poganiza kuti zawonongeka, chikasucho chimachepa mukaziika pakuwala kwa dzuwa kwa masabata angapo.

Koma ngati mtima wanu wakokedwa ndi makamerawa pawokha, osati ndi mamiliyoni, ndiye ndikulandirani ndi manja awiri, chifukwa ndi chizolowezi chokoma. Mwayamba kale bwino kuposa mmene ambiri tinayambira. Langizo langa n'loti musamangotola chilichonse chakale. Sankhani njira imodzi. Ena amatsata kampani imodzi, ena zaka zina zake. Kwa munthu ngati inu, njira imene ingakhale ndi tanthauzo ndi kusonkhanitsa makamera amene anagwira ntchito m'dziko muno: a ojambula a pa njinga, a m'masitudiyo a m'matauni, a ku mishoni, ndi aja anabwera m'masutikesi a madoda ochokera ku migodi ya ku Joni. Iliyonse muzilemba m'kope: nambala yake, munaipeza kuti, anali mwini ndani, ankajambula chiyani. Olympus Trip 35 ilipo yambirimbiri padziko, anaigulitsa mamiliyoni angapo, koma Trip imene ikudziwika mwini wake ndi zithunzi zimene inajambula ndi chinthu china. Pogula, nyamulani tochi ndi batire, yesani zonse ndafotokoza zija, nunkhizani m'kati, yang'anani ngati timisomali ta pathupi tili ndi zipsera zosonyeza kuti wina anatsegulapo mosadziwa. Mtengo muziuona pa zimene zagulidwa kale pa msika wa pa intaneti wa eBay, osati zimene anthu akungotchula, chifukwa kutchula aliyense amatchula. Ndipo mugule ndi ndalama imene ikapanda kubwerera, pakhomo sipagona njala. Kamera imodzi yamoyo imaposa khumi zakufa.

Ndipo muzijambula nawo. Filimu ya mamilimita 35 ndi ya 120 zikupangidwabe: Kodak ikupanga, Ilford ku England ikupanga, Foma ku Czech Republic ikupanga, ndipo mu 2024 Pentax inatulutsanso kamera yatsopano ya filimu. Chovuta kuno ndi kuipeza ndi kuitsukitsa, poti masitudiyo anasamukira ku digito. Ambiri timadalira abale obwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town, kumene malo otsuka filimu akadalipo. Muwauze kuti filimu asaiike m'katundu wopita pansi pa ndege, ndipo pabwalo apemphe kuti iyang'anidwe pamanja, chifukwa makina ounikira amphamvu amaiwononga. Ikafika muziisunga pozizira. Yambani ndi yakuda ndi yoyera, chifukwa imeneyo mukhoza kutsuka nokha kunyumba ndi kathanki kakang'ono, mankhwala awiri, madzi a madigiri 20 ndi chipinda chamdima wa bii pongolowetsa filimu m'thankimo. Choyeza kuwala chikakhala chakufa musadandaule. Dzuwa likuswa mtengo, ikani bowo la lenzi pa 16 ndipo liwiro likhale nambala yoyandikana ndi yolembedwa pakatoni ka filimu, monga 125 pa filimu ya 100. Kukachita mitambo tsegulani pa 8, pamthunzi wa khonde pa 5.6. Bambo anu ayenera kuti ankachita zomwezo osayang'ana n'komwe singano.

Kwa mmisiri mupite mukaona izi: shutter yakanirira kapena ikuzengereza, chuku chili m'kati mwa lenzi, batire linatayikira n'kusiya zobiriwira zolowa mpaka m'mawaya, kapena chokokera filimu chalimba. Musankhe amene anakonzapo makamera a filimu, osati wa mafoni kapena wa mawailesi ngakhale ali waluso pa ntchito yake. Mufunseni kuti akuonetseni ina imene anakonza, mugwirizane mtengo asanatsegule, ndipo mulembe nambala ya kamera ndi ya lenzi musanazisiye. Ngati tsiku lina mwapeza Leica, Rolleiflex, Hasselblad kapena Nikon yakale imene ikuoneka yeniyeni, musaipukute ndi polishi, musaipente, musasinthe chikopa chake. Osonkhanitsa amafuna chinthu mmene chilili. Ijambuleni mbali zonse ndi nambala yake, muonetse anthu awiri kapena atatu odziwa amene sakufuna kuigula, kenaka muziganiza za mtengo.

Chotsala ndi cha pabanja. Katunduyu ndi wamasiye, ndipo ngati muli ndi abale ndi alongo, kapena mayi akadalipo, akhale pansi onse musanagulitse kanthu. Ndaona abale akusiya kuyankhulana chifukwa cha kamera imene mtengo wake sunafike ndi wa njinga, kungoti wina anamva mphekesera za mamiliyoni. Auzeni mitengo yeniyeni ndakuuzaniyi. Banja likagwirizana zogulitsa chifukwa pali chosowa, gulitsani Yashica payokha, itayesedwa, kwa munthu amene mwamuonetsa mitengo ya kunja, ndipo manegetivi asapite nawo ngakhale atawonjezera ndalama. Pentax ndikanakonda ikhale pakhomo. Isinthitseni siponji, muikemo filimu ya Ilford, ndipo mpukutu woyamba mukajambule azakhali ndi amalume aja tsiku limene mukawafunse mayina a anthu a m'manegetivi.